Nambala ya ma digit 21: pepala, kakyuleta, Excel kapena foni, chimakuuza zoona ndi chiti?

Loweruka lapitali mwana wa achemwali anga, uja ali chaka choyamba ku koleji uja, ananditumizira kameseji pa WhatsApp cha m'ma 7 koloko m'mawa ndisanamwe ndi tiyi yemwe. Munali nambala imodzi basi, 147,573,952,589,676,412,927, kenako pansi pake kalemba kuti "ankolo, iyi ndi prime kapena ayi? Mukalephera mundigulira chipisi ndi kanyenya pa Ginnery Corner." Prime paja ndi nambala yoposa 1 yomwe imagawika ndi 1 ndi iyo mwini basi. Mwanayu amadziwa kuti ndimaphunzitsa masamu a part time kuno ku Ndirande ndiye cholinga chake chinali kundigwetsa basi. Tsiku lonse linathera pa nambala imeneyi, ndinayesa njira iliyonse yomwe ndinali nayo pafupi, ndipo poti ena mwa inu mumakumana ndi zoterezi pa assignment kapena pa magulu a aphunzitsi aja ndati ndilembe momwe njira iliyonse inayendera, ina yabwino pati, ina imakunamiza pati.

Choyamba nambalayo. Poiwerenga ndi 147 quintillion ndi zinazake, ma digit 21. Ukangoiona imaoneka ngati munthu anangogunda makiyi mwachisawawa koma ayi ndithu, ndi 2 kuichulukitsa yokha ka 67 kenako n'kuchotsapo 1, pa bolodi timalemba 2^67 − 1. Kwa ana asukulu ndimafotokoza ndi bawo. Bawo lili ndi maenje 32 eti? Ikani njere imodzi ya chimanga m'dzenje loyamba, ziwiri m'lachiwiri, zinayi, 8, 16, kumangowirikiza choncho. Mukamaliza bawo limodzi njere zonse pamodzi zikhala 4,294,967,295. Tsono tengani mabawo awiri, mukumbe maenje ena atatu pambali kuti akwane 67, mupitirize kuwirikiza kuja, njere zonse zikhala nambala ya mwana wa achemwali ija ndendende. Manambala a mtundu umenewu, 2 kuichulukitsa kangapo n'kuchotsa 1, amatchedwa a Mersenne, potengera wansembe wa ku France, Marin Mersenne.

Musanasankhe chida, dziwani kaye chomwe mukufunsa chifukwa apa ndi pomwe ambiri timasokonekera. Kufunsa kuti "kodi nambala iyi ndi prime?" ndi funso lina, kufunsa kuti "ngati si prime, imagawika ndi ziti?" ndi funso linanso, ndipo lachiwirili ndi lolemera kwambiri kuposa loyamba. Zimamveka zachilendo, munthu ungadziwe bwanji kuti nambala imagawika koma osadziwa chomwe chikuigawa? Koma zimatheka, tifika pamenepo. Palinso timafunso tating'ono, even kapena odd, ndi square kapena ayi, imagawika ndi 3, ndi 9, ndi 11, amenewa safuna magetsi n'komwe.

Ndinayamba ndi pepala ndi bolopeni, pang'ono chifukwa cha ukalamba pang'ono chifukwa foni inali pa 12% ndipo magetsi anali atazima kuyambira usiku. Ndipo musaipeputse njira imeneyi. Digit yomaliza ndi 7, ndiye ndi odd, sigawika ndi 2, sigawika ndi 5 kapena 10. Yomweyo 7 yomalizayo ikukuuzaninso kuti si square, chifukwa square iliyonse imathera pa 0, 1, 4, 5, 6 kapena 9, yesani nokha 1, 4, 9, 16, 25, 36, 49, 64, 81, 100, simupeza yothera pa 7 ngakhale mutafika kuti. Kenako kuphatikiza ma digit onse 21 aja, ndinapeza 109. 109 ukagawa ndi 3 kumatsala 1, ukagawa ndi 9 kumatsalanso 1, ndiye nambala yathu sigawika ndi 3 kapena 9. Ya 11 ndi ija yodumphadumpha, umayambira kumapeto kutenga digit imodzi kusiya ina, gulu loyamba linandipatsa 63, lachiwiri 46, kusiyana kwake 17, ndipo 17 sagawika ndi 11, kumatsala 6. Zonsezi mphindi khumi sizinakwane. Mu binary, chilankhulo cha makompyuta cha 0 ndi 1 chija, nambalayi ndi ma 1 okhaokha 67 ondondozana, izi sufunanso kuwerengera, umangodziwa chifukwa cha mmene inapangidwira.

Vuto la pepala limayamba ukafuna kupitirira. Kuti utsimikize kuti nambala ndi prime pogawa, uyenera kuyesa ma prime onse mpaka pa square root yake, ndipo square root ya iyiyi ili cha pa 12,148,002,000. Mabiliyoni 12. Mutati muziyesa nambala iliyonse, imodzi pa sekondi, osagona osadya osapita ku maliro, mutenga zaka pafupifupi 385. Inde pali kanzeru kochepetsera ntchito, kakuti chilichonse chogawa 2^p − 1 pomwe p ndi prime (ngati 67 wathuyu) chiyenera kukhala cha mtundu wa 2kp + 1, k kukhala nambala yathunthu, kwa ife ndiye 134k + 1, kutanthauza 135, 269, 403, 537, kumapita choncho, zina zonse zapakatizo osataya nazo nthawi. Kuwonjezera apo chikagawidwa ndi 8 chiyenera kutsala 1 kapena 7, zomwe zimadulanso theka. Ndinayesa 269 ndi long division, ma digit 21, pepala lonse linadzadza, sinagawike, ndipo ndili m'kati ndinazindikira kuti 269 ukagawa ndi 8 kumatsala 5, ndiye sindimayenera kuiyesa n'komwe. Ndinasiyira pomwepo. Pepala ndi labwino pochotsa zinyalala zoyambirira komanso kukupatsa chithunzi choti chida china chikadzakunamiza uzindikire, koma yankho lenileni silingakupatse pa nambala ya msinkhu uwu.

Ndinatenga kakyuleta, Casio fx-82MS yomwe mwana aliyense wa Fomu 4 ali nayo m'chikwama ija. Ndinadina 2 ^ 67 − 1, inandipatsa 1.475739526 × 10^20. Sinalakwe ayi, sikirini yake imaonetsa ma digit 10 basi, ena onse 11 aja inawazungulira. Pa physics ndi chemistry palibe vuto, ndani amasamala digit ya nambala 18 poyeza liwiro la galimoto? Koma pa nkhani ya prime digit yomaliza ndiye mwini nkhani, kusintha 7 kukhala 8 nambala yasanduka even nkhani yatha. Mukagawa ndi 3 pa kakyuleta ikupatsani kena kake × 10^19 kooneka ngati kopanda zotsala, ndipo mwana wosazindikira alemba kuti imagawika ndi 3, ndaziona zimenezi m'makope kangapo. Zina zatsopanoko monga fx-82ES PLUS zili ndi batani la FACT loswa nambala kukhala ma prime ake, labwino kwambiri pa homuweki, koma limalandira nambala yosapitirira ma digit 10. Ndiye kakyuleta pa nkhaniyi iikeni pambali, ntchito yake ndi ina.

Masana ndinakwera minibasi kupita m'tauni kwa mnzanga wina amene ali ndi kashopu kosindikiza ndi kupanga fotokope, ali ndi inverter ndiye kompyuta yake imayaka. Iyeyu Excel ndi mulungu wake, chilichonse amati "aise tingoika mu Excel." Tinalemba nambala ija mu cell, inasanduka 1.47574E+20. Anati dikira ndisinthe format, anasintha kukhala Number, inatuluka 147573952589676000000. Taonani bwinobwino, 412927 yakumapeto ija yapita, m'malo mwake mazero. Excel imasunga ma digit 15 okha, ndi mmene inapangidwira ndipo eni ake analemba poyera, kungoti ambirife sitiwerenga. Choopsa chake n'chakuti siikuchenjeza, palibe kufiira palibe error, imangosintha mwakachetechete ndipo nambala yomwe inali odd tsopano ikuoneka yogawika ndi 2, ndi 5, ndi 10, ndi 1000. Tinayesa MOD kuti tione zotsala tikagawa ndi 3, apo ndiye inakana poyera, #NUM!, bola pamenepo inanena chilungamo. Mwa njira, inu amene mumalemba manambala aatali a akaunti kapena a makadi mu Excel, ngati akupitirira ma digit 15 yambani ndi ka apostrophe kapena cell ikhale Text, apo ayi mudzalira tsiku lolipira anthu.

Chomwe chinandidabwitsa pa kompyuta yomweyo ndi kakyuleta ya Windows, ija timangoidutsa ija. Mukaiika pa Scientific imanyamula mpaka ma digit 32, ndiye nambala yathu inatuluka yonse mpaka 927 yakumapeto, ndipo ili ndi batani la mod. Siingakuuzeni kuti prime kapena ayi, koma ngati wina wakupatsani ma factor awiri, manambala omwe ukawachulukitsa amabala nambala yanuyo, n'kumati ndi amenewa, apa mutha kuchulukitsa n'kuona ngati akunena zoona. Kwa amene mumalemba mapulogalamu, dziwaninso kuti nambala yathuyi sikwana m'malo a 64-bit, malire ake kumeneko ndi 18,446,744,073,709,551,615 ndipo yathu ndi yoposa ka 8, JavaScript ndiye imayamba kutsetsereka kale ikangodutsa 9,007,199,254,740,991 pokhapokha mugwiritse BigInt.

Kenako intaneti. Apa ndinena mwachidule chifukwa palibe zambiri, mukalemba factor 2^67 − 1 pa WolframAlpha, webusayiti yowerengera masamu, yankho limabwera musanaphethire, ma factor, kuchuluka kwa ma divisor (manambala onse oigawa popanda zotsala), zonse. Ngati muli ndi bandulo ndi netiweki ndipo mukungofuna yankho, basi pitani kumeneko. Kuipa kwake ndi kuwiri, imafuna bandulo, komanso simuphunzirapo kanthu, mwana akakufunsani kuti "zatheka bwanji sala" mungoti kukamwa yasaa. Ma AI ocheza nawo pafoni aja ndi nkhani ina. Pa nambala yotchuka ngati iyi akhoza kuyankha bwino chifukwa nkhani yake inalembedwa malo ambiri, koma mukasinthako digit imodzi pakati n'kukhala nambala yomwe palibe analembapo, ena amangoyankha molimba mtima ngati kondakitala wokuuza kuti "malo alipo bwana" minibasi itadzadza kale. Akakupatsani ma factor chulukitsani nokha. Ngakhale ka test ka 9 kaja kamathandiza, phatikizani ma digit a factor iliyonse, muone zotsala pogawa ndi 9, zichulukitseni, zifanane ndi zotsala za nambala yaikuluyo.

Tsopano njira yomwe ine ndinaikonda, Python pafoni. Pali ma app ngati Pydroid 3 pa Android, mumatsitsa kamodzi pamene muli ndi bandulo kenako imagwira popanda intaneti, ndipo Python sizungulira manambala athunthu, kaya ma digit 21 kaya 2,000 imasunga onse. Ndinachajitsa foni kwa mnzanga uja ndili m'minibasi yobwerera ndinayamba. Koma apa ndi pomwe ndinatsala pang'ono kugula chipisi chija, ndiye mvetserani.

Pali test yakale ya Pierre de Fermat, imati ngati n ndi prime, tengani nambala ina, tiitche a, yosagawika ndi n, ichulukitseni yokha ka n − 1, mugawe ndi n, zotsala zikhala 1 nthawi zonse. Ndiye zotsala zikapanda kukhala 1 mwadziwiratu kuti n si prime, ngakhale simukudziwa chomwe chimaigawa. Ndi chija ndimanena poyamba chija. Mu Python ndi mzere umodzi. Ndinalemba n = 2**67 - 1 kenako pow(2, n-1, n), apa a ndi 2, inatulutsa 1. Mtima unagunda, ndinayamba kulemba meseji kuti "mwana iwe, ndi prime, konza ndalama ya chipisi," tili pa mzere wa magalimoto ku Clock Tower, koma chala chinaima. Test ya Fermat imagwira mbali imodzi yokha. Ikati "si prime" ikhulupirireni, ikati 1 ikungonena kuti "mwina." Chitsanzo chaching'ono ndi 341, yomwe ndi 11 × 31 koma imadutsa test imeneyi ndi 2 bwinobwino. Palinso manambala oipa mtima kwambiri otchedwa a Carmichael, woyamba ndi 561, amene ndi 3 × 11 × 17, amenewa amadutsa ndi a iliyonse yomwe ilibe factor yofanana nawo. Ndipo choseketsa n'chakuti nambala iliyonse ya Mersenne yomwe p wake ndi prime imadutsa test ya Fermat ndi 2, kaya ndi prime kaya ayi, ndi chibadwa chake. Kuifunsa ndi 2 kuli ngati kufunsa mayi ake a mwana ngati mwana wawo ndi wakuba. Ndinasintha n'kuika 3, pow(3, n-1, n), inatulutsa chinambala chachitali chosakhala 1. Basi, si prime. Meseji ija ndinafufuta.

Makompyuta masiku ano amagwiritsa yolimbirapo yotchedwa Miller–Rabin, ya Gary Miller mu 1976 ndi Michael Rabin mu 1980. Iyoyo manambala a Carmichael saipusitsa chisawawa, ulendo uliwonse womwe mwasankha a mwachisawawa mwayi woti nambala yogawika idutse suposa 1 pa 4, ndiye mukabwereza ka 20 kapena ka 40 mwayi wolakwa umachepa mpaka kusaoneka. Koma nayonso mukaipatsa 2 yekha pa nambala yathuyi imapusa chimodzimodzi, ndiye nkhani ndi kusinthasintha a. Ngati simukufuna kulemba nokha, ikani sympy, phukusi la masamu la Python, mu Pydroid momwemo, isprime(n) ikuyankhani False, factorint(n) ikupatsani ma factor. Palinso ina ya AKS yomwe akatswiri atatu a ku IIT Kanpur ku India anatulutsa mu 2002, inatchuka chifukwa imatsimikiza popanda "mwina" pa nambala iliyonse, koma pogwira ntchito ndi yochedwa ndiye imangokhala ya m'mabuku kwambiri.

Kwa manambala a Mersenne okhaokha pali test yawoyawo, Lucas–Lehmer, ndipo iyi ilibe "mwina," ikati prime ndi prime ikati ayi ndi ayi. Ndi yokongola moti ndimaiphunzitsa ngakhale sili pa silabasi. Yambani ndi 4. Ichulukitseni yokha, chotsani 2, gawani ndi nambala yanu musunge zotsala, bwerezani ka p − 2. Mukathera pa 0 ndi prime. Yesani ndi 31, amene ndi 2^5 − 1, ndiye kubwereza katatu: 4 × 4 − 2 ndi 14, 14 × 14 − 2 ndi 194 kugawa ndi 31 kutsala 8, 8 × 8 − 2 ndi 62 kugawa ndi 31 kutsala 0. Prime. Yesani 2047, amene ndi 2^11 − 1, kubwereza ka 9, mudutsa 14, 194, 788, 701, 119, 1877, 240, 282 n'kuthera pa 1736, osati 0, ndipo zoonadi 2047 ndi 23 × 89. Pa yathuyi ndi maulendo 65 okha, yerekezani ndi mabiliyoni 12 aja. Kuipa kwake ndi komweko, imagwira pa a Mersenne okha, mukabweretsa nambala wamba ilibe nayo ntchito, komanso siikuuzani ma factor.

Nditafika kunyumba ndi pomwe ndinakumbukira bwino chifukwa chake mwanayu anasankha 67, si ngozi. Mersenne uja mu 1644 analemba mndandanda wa ma p omwe amati amapereka prime: 2, 3, 5, 7, 13, 17, 19, 31, 67, 127 ndi 257. Pa 67 ndi 257 analakwitsa, ndipo anadumpha 61, 89 ndi 107 omwe amaperekadi prime. Panadutsa zaka zoposa 200 anthu asanamugwire pa 67. Édouard Lucas ndi amene mu 1876 anaonetsa kuti 2^67 − 1 si prime, koma ma factor ake sanawadziwe, chaka chomwechonso anatsimikiza kuti 2^127 − 1, ya ma digit 39, ndi prime, zonsezi ndi manja. Ma factor anadzapezeka patatha zaka 27. Mu Okutobala 1903 pa msonkhano wa American Mathematical Society ku New York, Frank Nelson Cole anapita pa bolodi, nkhani imati osalankhula liwu ndi limodzi lomwe, mbali ina anawerengera 2^67 − 1, mbali ina anachulukitsa 193,707,721 × 761,838,257,287 ndi choko, mayankho anafanana, anakakhala pansi anthu n'kuwomba m'manja. Akuti zinamutengera ma Sande a zaka zitatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha amanena aja ndi zimenezi.

Ine pafoni ndinalemba kaloop kakang'ono kogwiritsa nzeru ya 134k + 1 ija, k kuyambira 1 kumakwera mpaka n % (134*k + 1), kutanthauza zotsala pogawa, ikhale 0. Masekondi ochepa chabe inaima pa k = 1,445,580, ndipo 134 × 1,445,580 + 1 ndi 193,707,721 ndendende, factor ya a Cole ija. Ndinakhala kaye chete pakhonde, kunja kukuda magetsi asanabwere, kuganiza kuti ntchito ya ma Sande a zaka zitatu yatha pa foni ya sikirini yosweka ndisanamalize kusenda chinangwa. Mukanachita loop yopusa yoyesa odd iliyonse ikanafunika maulendo pafupifupi mamiliyoni 97, foni ikanatentha ndithu koma ikanafika, kusiyana kwake ndi kumeneko pakati pa kudziwa masamu pang'ono ndi kungodalira makina.

Ma factor akapezeka zina zonse zimangogwa zokha ngati mango a Disembala. Onse awiri, 193,707,721 ndi 761,838,257,287, ndi ma prime, ndiye nambala yathu ndi semiprime, yopangidwa ndi ma prime awiri basi. Ma divisor ake ndi anayi okha, 1, awiriwo, ndi iyo mwini. Mukaphatikiza onse kupatula iyo mwini mupeza 762,031,965,009, kachinthu kochepetsetsa poyerekeza ndi 147 quintillion, ndiye ili m'gulu la deficient, zoperewera. Magulu ake ndi atatu paja, deficient ngati iyi, abundant ngati 12 yomwe 1 + 2 + 3 + 4 + 6 imapereka 16 kuposa 12, ndi perfect ngati 6 ndi 28 zomwe zimabwerera ndendende. Euclid anaonetsa kalekale kuti 2^p − 1 ikakhala prime, kuichulukitsa ndi 2^(p − 1) kumabala perfect number, 3 × 2 ndi 6, 7 × 4 ndi 28, 31 × 16 ndi 496, 127 × 64 ndi 8128. Ndiye Mersenne akanakhala kuti analondola, 67 ikanabala perfect number yakeyake, koma poti inagawika palibe. Ka test ka 9 kaja kakugwiranso apa, ma digit a factor yoyamba amapereka 37, yachiwiri 64, zonse kutsala 1, 1 × 1 ndi 1, chimodzimodzi 109 uja.

Musatengeke kuti foni ithana ndi chilichonse. Ma digit 21 kwa makina a lero ndi kamwana. Kufunsa ngati nambala ya ma digit 600 ndi prime, Miller–Rabin iyankha pafoni pomwepo, koma kuiswa nambala ya msinkhu umenewo yopangidwa ndi ma prime awiri akuluakulu palibe kompyuta yomwe yakwanitsa, ndipo chitetezo cha RSA chomwe Rivest, Shamir ndi Adleman anayambitsa mu 1977, chomwe chimagwira ntchito pa mawebusayiti ambiri otetezedwa, chinamangidwa pa kusiyana kumeneku. Makiyi a 2048-bit ndi nambala ya ma digit 617. RSA-250, ya ma digit 250 yokha, inasweka mu 2020 ndi ntchito yofanana ndi zaka pafupifupi 2,700 za core imodzi ya kompyuta. Kumbali ya ma prime akuluakulu kuli gulu la GIMPS lomwe George Woltman anayambitsa mu 1996, anthu wamba amapereka makompyuta awo kusaka ma prime a Mersenne, ndipo mu Okutobala 2024 Luke Durant anapeza 2^136,279,841 − 1, ya nambala 52 yodziwika m'banja limeneli, ma digit 41,024,320. Kuilemba digit imodzi pa sekondi osapuma ndi masiku 474 ndi kanthu. Ndi kuzimazima kwa magetsi kwathu kuno sindingakulimbikitseni kulowa nawo mpikisano umenewo, laputopu ingafe musanamalize test imodzi.

Ndiye wina akandifunsa kuti nditenge chiti, ndimayankha motengera munthuyo. Wa MSCE, pepala ndi malamulo a 2, 3, 5, 9, 11 aja akukwanira, mayeso sadzakupatsa ma digit 21, ndipo kakyuleta uzingoikhulupirira pomwe nambala yonse ikuoneka pa sikirini popanda × 10 kumapeto. Wa mu ofesi amene wangokumana ndi chinambala chachitali kamodzi, WolframAlpha kapena kakyuleta ya Windows, Excel ayi ikangodutsa ma digit 15. Wa ku koleji kapena mphunzitsi mnzanga, tsitsani Python pafoni lero lomwe, bandulo ya tsiku limodzi ikwana ndipo mukhala nayo mpaka kale, kungoti pow ikakupatsani 1 musathamangire kulengeza, sinthani a kangapo kaye kapena itanani isprime. Ine ndimayamba ndi pepala nthawi zonse ngakhale foni ili ndi chaji, chifukwa 109 uja ndi 7 wakumapeto uja ndi amene anandipangitsa kuona msanga kuti Excel yadya ma digit.

Cha m'ma 8 usiku ndinamutumizira mwana uja ma factor awiri aja popanda mawu ena alionse, mmene anachitira a Cole. Anawerenga, timizere tiwiri tabuluu, chete mphindi zisanu. Kenako "ankolo mwagugula." Ndinamutumizira screenshot ya kaloop kanga ndi k = 1,445,580 yake. Anayankha kuti chipisi agula akalandira ya upkeep, ndipo pasanathe mphindi anatumizanso ina, 2^257 − 1, ati iyi ndiye muiswe ndi kaloop kanuko. Lucas–Lehmer yandiuza kale kuti si prime, maulendo 255 basi, koma factor yake yaying'ono ili ndi ma digit 15, ndiye ndamuuza kuti abweretse kaye chipisi choyambacho.